Fulashi ya ku Misuku

Rodwell anaimitsa pikapu yake pakhomo pa shopu ya Cuthbert Silungwe pa boma la Chitipa, injini ikulirabe, n'kutulutsa dzanja pawindo. M'dzanjamo munali kabokosi ka machesi komanga ndi mphira.

"Fundi, katundu wanu uyu."

Cuthbert anasiya foni ya kasitomala imene ankaimasula, n'kutuluka. Anali munthu wamtali, wa mawu ngati ng'oma, woti akaseka pashopu amamveka mpaka ku depoti. Analandira kabokosiko n'kusuzumira kumbuyo kwa galimoto, pakati pa matumba a nyemba.

"Ndi kokhaka? Nanga phava langa la nthochi?"

"Lero kulibe nthochi. Alamu angoti ndikupatseni, ndipo ati musatumizenso."

"Ndisatumizenso chiyani?"

"Ine yanga n'kunyamula, adada. Koma nkhope imene ndaisiya kumtunda kuja, ndikanakhala inu ndikanayamba kusala kudya lero lomwe."

Anaponda mafuta n'kumapita.

M'kabokosimo munali fulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo a pakompyuta, ndipo fulashi imeneyo inali itayenda maulendo ambiri kuposa anthu ena amene ndimawadziwa. Dinah, mkazi wa Cuthbert, anali mlangizi wa zaulimi ku Misuku, m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese. Kwa zaka zitatu awiriwa ankalemba limodzi pulogalamu ya pafoni yothandiza alimi a khofi kuzindikira matenda a mbewu zawo ndi kuwakumbutsa masiku oyendera nazale. Mwamuna ankalembera pa boma, mkazi kumapiri. Kumene Dinah ankakhala, netiweki inkapezeka pachulu chimodzi kuseri kwa tchalitchi, nayonso ikafuna. Ndiye fulashi inkatsika Lachinayi ndi zimene Dinah walemba, n'kukweranso Lolemba ndi zimene Cuthbert waphatikiza. Ine ndayenda. Ndaona maofesi a magalasi ku Dar es Salaam ndi ku Joni kumene anthu makumi asanu amatha chaka osamaliza kanthu, koma ntchito yokoma ngati ya awiriwa ndi kabokosi kawo ka machesi sindinaionepo kwina.

Pophatikizapo Cuthbert anali ndi lamulo lake limodzi: fayilo ya deti latsopano ikhale, ya deti lakale ichoke. Pakompyuta yake panali mafoda oyalana ngati njerwa, ina yotchedwa yomaliza, ina yomaliza yachiwiri, ina yomaliza yeniyeni, inanso yomaliza osakhudza. Ankati iye yekha amadziwa njira yake mmenemo, ndipo ankanena zoona.

Analowetsa fulashi. Munalibe foda iliyonse. Munali kafayilo kamodzi ka kalata.

"Bambo a Mwai," kalatayo inatero, "Lachiwiri ndinatsegula pulogalamu pamaso pa alimi makumi anayi. Ndinawalonjeza kuti aona mayina a matenda m'Chisukwa, monga anandiuzira okha. Mulibe ngakhale limodzi. Masabata atatu ndinakhala nawo pamalo opukusira khofi, ndikulemba. M'mawa wa tsikulo ndinali nditakopera za mufulashi pamwamba pa zanga, monga timachitira, ndiye ndi kwanga komwe zapita. A Doreen a ku kalabu ya alimi anandifunsa ngati ndinkangowacheza chabe. Ine ndasiya. Pulogalamuyo ndi yanu."

Cuthbert anawerenga kawiri. Anaimba foni, sinalowe. Anatseka shopu dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku la malungo, n'kuyenda wapansi kupita kusekondale kumene mnzake Petros ankaphunzitsa za makompyuta.

Petros anali wa ku Zomba, wochepa thupi, wofatsa polankhula. Anaika fulashi mukompyuta yake, koma asanatsegule kalatayo analoza pambali pake.

"Achimwene, kalatayi alamu ailemba liti?"

"Dzulo kapena m'mawa uno."

"Apa pakuti 1 Januwale 2009."

Cuthbert anawerama n'kuyang'anitsitsa.

"Kabatire ka wotchi mulaputopu yawo katha," anatero Petros. "Akangozimitsa, deti limabwerera kumbuyo. Ndiye zonse zimene analemba masabata atatu aja zinabwera kwa inu zitavala zaka za nkhalamba. Inu ndi lamulo lanu lija munangoti zakale zichoke."

"Kompyuta ndi imene inandifunsa. Ine ndinangodina."

"Safunsa anadya phula, koma inu mwafika pena: mwafunsidwa, mwadyabe phula."

Anayesa kufukula zofufutidwazo. Zinakanika, chifukwa sabata lomwelo Cuthbert anali atadzaza fulashi yonse ndi mavidiyo a kwaya, mphatso yoti mkazi wake azionera akasungulumwa. Petros anagwedeza mutu.

"Kwaya yanu yaimbira pamanda. Madzi akatayika saoleka, achimwene. Koma mtsuko wina tingaumbe. Zida zosunga mbiri ya pulogalamu zilipo kalekale. Mzere uliwonse umene wasintha, wausintha ndani, chifukwa chiyani, zimasunga, ndipo ukafuna kubwerera dzana umabwerera."

"Ukundiuza ine? Ine ndinagwira Subversion ku Dar es Salaam iwe ukuphunzira kulemba dzina lako. Kampani ya Amwenye ku Kariakoo, anthu khumi ndi awiri, seva imodzi, palibe anatayapo kadontho."

"Nanga bwanji simunaiike kuno?"

"Anthu awiri okha, a nyumba imodzi, tinkafuniranji?"

Petros anaimirira. Anatenga choko n'kujambula pabolodi. Mbali ina anajambula nyumba imodzi yaikulu ndi tinjira topita kumeneko. Imeneyo inali Subversion: mbiri yonse imakhala pa seva imodzi, kompyuta yosungira za onse, ndipo wofuna kusunga ntchito yake ayenera kufika pakhomopo. Mbali inayo anajambula nyumba ziwiri zofanana. Imeneyo inali Git: aliyense amakhala ndi mbiri yonse pakompyuta pake, amasunga yekha popanda netiweki, kenako amamanga zimene wasintha mumtolo umodzi n'kupatsa mnzake, kaya pa intaneti, kaya pafulashi.

"Nyumba ya mitu iwiri imeneyo," anatero Cuthbert. "Seva ikhale pashopu panga. Dongosolo limafuna mwini wake."

"Tengani zonse ziwiri. Osankha si inu nokha."

Madzulo awiri otsatira anakhala m'kalasimo ana ataweruka. Subversion Cuthbert anaikumbukira mwachangu ngati njinga. Git inamuvuta. Ankaiwala kuti kusunga kumene amati kukomita kumafuna ulembe kaye mawu ofotokoza chimene wasintha. Ankalemba kuti "zosintha" basi, Petros n'kumubweza.

"Zosintha zanji? Mukulembera munthu, osati khoma."

Lolemba Cuthbert anakwera yekha m'malo mwa fulashi. Anakhala kutsogolo kwa pikapu ya Rodwell, laputopu pamiyendo, m'thumba la malaya muli kabatire kofanana ndi kobiri. Atapatuka pa Kapoka msewu unayamba kudzipinda ngati njoka yomenyedwa. Ndadutsa mapiri a ku Iringa, ndadutsanso a ku Lesotho pa lole ya nkhosa, koma kukwera Misuku mu Julayi, nkhungu ikukwawa pakati pa nthochi, kumachititsa manyazi onsewo.

Anapeza Dinah pakhonde, atavala juzi ziwiri, akusankha mbewu ya nyemba mulichero. Anali mkazi wamfupi, wa maso osathamanga. Anaimirira n'kumulandira chikwama ngati mlendo wa ku ofesi.

"Monire, adada. Mwayenda uli?"

"Mayi a Mwai, mwayamba liti kundipatsa moni wa alendo?"

"Amene sadziwa zimene ndimachita tsiku lonse ndi mlendo. Khalani, ndikupatseni tiyi."

Anamwa tiyi. Kenako Cuthbert anatulutsa kabatire kaja n'kukaika patebulo, nafotokoza za wotchi, za deti, za 2009. Anafotokoza bwino, ndi manja omwe, monga amafotokozera makasitomala. Dinah anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva. Wotchi inanama. Koma ndikufunseni. Mafayilo anga anafika kwa inu ali ndi chaka chimene pulogalamuyi tinali tisanailote n'komwe. Simunadabwe?"

"Sindinayang'ane."

"Simunatsegule ngakhale imodzi kuti muone chimene ndalemba?"

Cuthbert anayang'ana m'kapu.

"Masabata atatu aja si amene akundiwawa kwambiri," anatero Dinah. "Ndakhala ndikuganiza kuti Lachinayi lililonse pa boma pali munthu amene amawerenga zanga. Ndinkalemba ngati ndikukuuzani nkhani. Kani mumangodina."

"Poyamba ndinkawerenga."

"Poyamba."

Kunja kunayamba kuwaza. Mawu a Cuthbert, amene amamveka ku depoti, anatuluka aang'ono.

"Ndinalakwa, mayi a Mwai. Si wotchi. Ndine."

Dinah sananene kuti zatha. Anangokankha lichero pambali.

"Mwanyamula laputopu kudzafika kuno. Ndionetseni chimene mwabweretsa."

Mwamunayo anapezanso mphamvu. Anayamba ndi Subversion, ndi nkhani ya ku Kariakoo, ndi seva imene anaisiya ikuyaka pashopu. Anati tsopano chilichonse chizikhala pamalo amodzi, palibenso chotayika.

"Chabwino," anatero Dinah. "Ndalemba mzere umodzi apa. Ndisungireni."

"Pafunika netiweki pang'ono."

"Tiyeni kuchulu."

Anapita, mkazi atagwira ambulera, mwamuna atakumbatira laputopu ngati khanda. Anakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi, nsapato zikuterereka. Netiweki inabwera timizere tiwiri. Cuthbert anadina, anadikira, anadinanso. Seva sinayankhe. Anaimbira wa shopu yoyandikana nayo, amene anamuuza kuti magetsi anazima pa boma kuyambira m'mawa.

Dinah anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa anamuulula.

"Ndiye kuti ntchito yanga isungike, pafunika mvula ikate, netiweki idzuke, magetsi ayake kwanu, inunso mukhale mwadzuka bwino? Ngakhale lobola sanandivutitse chonchi."

"Ku Dar zinkayenda."

"Ku Dar kunalibe chulu."

Atabwerera m'nyumba, Cuthbert anatenga kabatire kaja kuti akonze wotchi. Dinah anagwira dzanja lake.

"Siyani inamebe. Ndikufuna ndione ngati chida chinacho nachonso chimakhulupirira mawotchi."

Anaika malaputopu awiri patebulo, moyang'anizana. Cuthbert anaika Git pa onse awiri, akuyang'ana kapepala kamene Petros anamulembera. Dinah analemba dzina limodzi la matenda a masamba limene ankalikumbukirabe, n'kukomita, nalemba pansi pake kuti dzinali anamuuza ndi a Doreen. Foni zonse zinali zozimitsa. Zinasungika pomwepo, deti likunenabe 2009.

Anamanga mtolo, n'kuponya fulashi kudutsa patebulo. Cuthbert anaphatikiza. Dzina lija linalowa bwinobwino, chifukwa Git sinafunse kuti fayilo ndi ya chaka chanji. Inangoona kuti kusinthaku kwabwera pambuyo pa ziti. Pagalasi panaoneka mzere wobiriwira, pamwamba pake dzina la Dinah ndi mawu ake.

"Tsopano fufutani," anatero Dinah.

"Ndifufute chiyani?"

"Dzinalo. Mwazolowera kale, sizikuvutani."

Cuthbert anafufuta, nkhope ili gwa, n'kukomita, n'kubweza fulashi. Dinah anaphatikiza. Mzere uja unaoneka wofiira, pamwamba pake dzina la Cuthbert.

"Ehe. Wakuba wasiya mapazi."

Anafunsa mmene angabwezere. Cuthbert anamuonetsa pakapepala, iye n'kulemba yekha, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Dzina lija linabwerera pamalo pake. Anakhala akuliyang'ana kwa kanthawi, dzanja lili pakamwa.

"Ichi ndiye titenge," anatero. "Koma sichibweza masabata anga atatu."

"Sichibweza. N'chifukwa chake ndatseka shopu mpaka Loweruka. Inu muzifunsa, ine ndizilemba."

"Inu? Munthu wokulira m'malaini a polisi ku Kasungu, Chisukwa chanu chothera pa moni?"

"Muzindiuza chilembo chimodzichimodzi. Chimene chingavute munthu amene anaphunzira Chiswahili m'miyezi itatu n'chiyani?"

"Mwayambanso."

M'mawa mwake anapita limodzi pamalo opukusira khofi. Alimi anali atafola ndi madengu a khofi wofiira, makina akulira, madzi akuyenda m'ngalande. Ataona mlangizi ali ndi laputopu, ena anayang'ana kumbali. Cuthbert anavula chipewa n'kuima pamene onse akanamuona. Kwa nthawi yoyamba mawu ake aakulu aja anagwira ntchito yoyenera.

"Amayi ndi abambo, amene anafufuta mayina anu aja ndine. Alangizi anagwira ntchito yawo yonse. Ine ndinaitaya osaiwerenga. Ndabwera kudzapempha kuti mutiuzenso."

Mayi wina wojintcha, wa mpango wachikasu, anatula dengu lake n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ameneyo anali Doreen, mlembi wa kalabu ya alimiwo.

"Ndiye ndimwe munadya mawu athu? Akuonekadi, mwanenepa nawo."

Anthu anaseka. Doreen anakoka benchi ndi phazi.

"Khalani apa. Koma ulendo uno tikanena dzina, mulitchule kaye mokweza, timve ngati lalowa."

Anatchula, ndipo anatchula molakwa pafupifupi lililonse. Amayi anagwira nthiti. Bambo wina wachikulire anamubwereza dzina limodzi kasanu, mpaka anamuuza kuti lilime lake n'lolemera ngati khasu. Akamaliza mlimi mmodzi, Dinah ankati, "Komitani," iye n'kulemba dzina la amene wanena. Pofika Lachisanu anali atapeza mayina ambiri. Ena sanabwerere, chifukwa amene anawanena poyamba anali atapita kumaliro ku Ifumbo, ndipo ena sankagwirizana kuti dzina lenileni ndi liti. Dinah anati adzawafunsa akadzabwera. Sananenenso za kusiya, koma sananenenso kuti wabwerera.

Patatha mwezi, Lachinayi lina masana, Cuthbert analandira fulashi n'kuyamba kuphatikiza. Git inaima. Inalemba kuti pali mkangano pamzere umodzi ndipo siipitirira mpaka munthu asankhe.

Unali mzere wa masiku okumbutsa mlimi kuyendera nazale. Kale panali masiku khumi. Sabata limenelo Cuthbert anali atasintha kukhala asanu ndi awiri, monga linanenera buku la zaulimi limene anagula ku Mbeya. Dinah naye, osadziwa, anali atasintha mzere womwewo kukhala masiku atatu. Mizere iwiriyo inali pagalasi, wina pamwamba pa unzake. Bukulo linali pashelefu pomwepo, lachikuto cholimba, lolembedwa ndi anthu a madigiri. Kufufuta mzere wa mkazi wake kukanatenga kamphindi, ndipo kasitomala anali akugogoda kale pakauntala.

"Fundi, foni yanga ija?"

"Mubwere mawa, adada. Ndili ndi mlandu pano."

Anatsegula mawu amene Dinah analemba pokomita, n'kuwerenga mpaka kumapeto. Analemba kuti nazale za kumunsi kwa nkhalango zikuola ndi chinyezi sabata lisanathe, kuti anaziona yekha kwa a Doreen, mbande makumi atatu zitagwa, ndipo kuti bondo lake lakumanzere layambanso kuwawa chifukwa cha zitunda. Za bondo sanadziwe.

Anatumiza uthenga woti akafika pachulu amuimbire. Kenako anakhala pansi. Munthu amene sanadikirepo basi pa Tunduma osakangana ndi kondakitala anadikira maola atatu, mizere iwiri ija ili pomwepo.

Foni inalira dzuwa litapendeka. Kumbuyo kwa mawu a Dinah kunkamveka mphepo.

"Kwagwanji, bambo a Mwai? Mwai wadwala kusukulu?"

"Mwai ali bwino. Takangana pamzere wa nazale. Ine ndinalemba asanu ndi awiri, inu atatu."

"Ndiye mwasankha uti?"

"Sindinasankhe. Ndikufunsa."



"Mwawerenga zimene ndinalemba?"

"Zonse. Bondo mwalimanga?"

Anamva Dinah akupuma mozama. Atayambanso kulankhula, mawu ake anali ofewa.

"Ndalimanga. Mverani, buku lanulo silinaname. Miyezi youma asanu ndi awiri akwana. Koma kuno kukayamba nkhungu, atatu. Pafunika pulogalamu izifunsa mlimi kuti nazale yake ili pati, ndiponso ndi mwezi wanji."

"Ndiye si mzere umodzinso umenewo. Ndi ntchito ya sabata."

"Ya masabata awiri, ndi bondo ili."

"Ndilembe ine?"

"Inu nkhungu mumaidziwira pawindo la pikapu. Ndilemba ine. Inu mudzawerenge."

"Ndidzawerenga."

Foni itaduka, Cuthbert anasiya masiku atatu a Dinah kuti agwire ntchito kaye, n'kuchotsa ake. Pokomita analemba ziganizo zinayi zathunthu, zofotokoza chimene agwirizana ndi amene adzamalize. Chachisanu chinali chakuti mankhwala opaka pabondo akwera Lolemba.